Anakana Kudzuka

Mkazi wake anali kusita malaya patebulo la pabalaza, ndipo pomwepo bamboyo anadziwa kuti akulota. Mayiyo anali atamwalira miyezi isanu ndi iwiri yapitayo.

Sikanali koyamba kumulota. Koma nthawi zonse akangozindikira kuti ndi maloto, mtima unkagunda, maso n'kutseguka, n'kupezeka ali yekha pabedi. Mlamu wake ndiye anamuuza chochita. "Mukazindikira musatekeseke, alamu. Muzipuma pang'onopang'ono, maso pa chinthu chimodzi. Mukatero malotowo ndi anu. Mukafuna kuuluka, muuluka."

Bamboyo anayang'anitsitsa simbi yositira. Anapuma. Chipinda sichinasunthe.

Zonse zinali m'malo mwake: mpando wothyoka mwendo umene ankauchirikiza ndi njerwa, kalendala ya chaka chatha, nsapato za ana zili mbwee pakhomo. Ngakhale chipsera cha padzanja la mkazi wake chinalipo.

Kuuluka analibe nako ntchito. Anaganiza zomukumbatira, koma anaopa kuti akangomukhudza azimiririka. Anaganiza zoitana ana kuti adzaone mayi awo, n'kukumbukira kuti ana a m'maloto si ana ake enieni. Panatsala chinthu chimodzi chokha, chimene chinkamusowetsa tulo chiikireni maliro.

Tsiku limene mayiyo anatsirizika kuchipatala, iye anali kuntchito, ndipo kuntchito kwake salola kugwira foni. Akuchipatala anamuimbira kanayi, iye osayankha. Atafika anapeza bedi litayalulidwa kale. Apongozi ake sanamuuze mawu otsiriza a mwana wawo. Anangomuyang'ana, n'kutembenukira kukhoma.

"Mayi a ana," anatero motsitsa mawu, "kodi munandiitana tsiku lija?"

Mayiyo sanadzutse mutu. Anatembenuza malaya aja, nayamba kusita kolala.

"Mwaonda," anatero. "Ana akudya?"

"Akudya. Wamkuluyu ndiye akuphika. Amapsereza, koma tikudya. Ndiyankheni. Munapita mutandikwiyira?"

Mayiyo anaimika simbi ija. Anamuyang'ana monga ankachitira kale akafuna kunena nkhani yovuta ana ali pafupi.

"Dzukani, bambo a ana."

Kunja kunamveka phokoso. Anthu ankaitana, wina ankamenya chitsulo. Makoma a chipindacho anayamba kuchita chifunga, ndipo bamboyo anadziwa kuti tulo tikumuthawa. Anthu opanda chisoni, anaganiza, sangalole munthu wamasiye kugona ngakhale pang'ono. Anagwira m'mphepete mwa tebulo ndi manja onse awiri, napuma pang'onopang'ono monga anamuuzira mlamu wake. Makoma anabwerera. Phokoso lija linapita kutali, ngati wailesi ya nyumba yachitatu.

Anamva kukoma. Kwa nthawi yoyamba chichitikireni zovuta, chinthu chinamumvera.

"Sindidzuka," anatero. "Miyezi yonseyi ndakhala ndikuyembekeza mpata uwu. Usiku ndimangotembenuka pabedi, masana ndimayenda ngati woledzera. Kunjako kulibe chondithamangitsa. Mundipatse mphindi imodzi yokha."

"Dzukani," anatero mayiyo.

"Mundiyankhe kaye."

Misozi inalengeza m'maso mwa mayiyo. Anapukusa mutu ngati munthu amene wagonja, napukuta manja m'chovala chake.

"Ndinakuitanani," anatero. "Ndinkafuna ndikuuzeni kuti…"

Dzanja la munthu linamugwira paphewa n'kumugwedeza mwamphamvu. Bamboyo anatsegula maso ali wokwiya.

Manja ake onse awiri anali pa chiwongolero. Dzuwa lamasana linali kuwomba pagalasi, basi imene ankayendetsa inali itasiya kale msewu n'kulunjika kuphompho, ndipo kumbuyo kwake anthu makumi asanu ndi limodzi anali kukuwa. Phazi lake linapeza buleki matayala akutsogolo ali kale m'malere.