Kabokosi ka intaneti ka amayi Daka

Panali munthu wina kumudzi wina wa ku Vubwi, mayi wamasiye, dzina lawo a Winfrida Daka. Ankakhala okha. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Owen, ankagwira ntchito kumigodi ku Solwezi. Miyendo inkawavuta, moti ngakhale kutchalitchi anali atasiya kupita. Masiku ena dzuwa linkalowa asanalankhule ndi munthu.

Owen atapeza mbeta, mtsikana wa konko dzina lake Juliet, anadziwa kuti amayi ake sangathe ulendo wa basi wa masiku awiri. Anawatumizira TV yogwira ndi intaneti pamodzi ndi sola, kenako anaimba foni.

"Amama, ukwati tidzauonetsa pa intaneti pomwe ukuchitika. Inu mungopeza intaneti yogwira bwino kumeneko. Mufunse a Cecilia, akuthandizani."

Cecilia anali mphunzitsi, ankakhala pafupi ndi sukulu. Atabwera anati, "Amayi, kuno ndi kuchigwa. Netiweki ina imathera pamsewu, ina imalimbana ndi ya ku Malawi. Musagule kanthu tisanayese m'nyumba mwanu muno. Ndikamaliza mayeso a ana ndibwera ndi malayini a foni a netiweki zonse, tiyese m'mawa ndi masana. Wina akabwera ndi malonda, mumuuze akutsegulireni nkhani za tsiku lomwelo."

Cecilia anatanganidwa ndi mayeso, sabata inatha osaoneka. A Winfrida anayamba kudandaula mumtima kuti nayenso wawaiwala.

Lachitatu lina panafika mnyamata wa njinga yamoto. Anati dzina lake ndi Webby, wachokera ku Katete. Sanafulumire kutulutsa malonda. Anakhala pakhonde, kufunsa za miyendo, za malemu bambo, za mtedza wa chaka chino. Anawatungira ndi madzi omwe. A Winfrida analankhula mpaka kukhosi kuuma.

Kenako Webby anatulutsa kabokosi koyera ka tinyanga tiwiri.

"Amama, aka ni rauta. Kagwira paliponse, olo mumugodi. Onani."

Analumikiza foni yake ku TV, ndipo kwaya inayamba kuimba, zithunzi zoyera bwino, osadukiza.

"Aphunzitsi anati ndiyambe ndaona nkhani za lero," anatero a Winfrida.

Webby anaseka. "Aphunzitsi afuna muzipita kupempha kwa iwo. Ine nimakutengani monga amai anga. Ninganame kwa imwe?"

Mawu amenewo anawalowa. Anagula kabokosiko. Sanadziwe kuti kwaya ija inali yosungidwa kale mufoni, ndiponso kuti layini ya m'kabokosimo inali ya netiweki yosafika m'chigwamo. Webby anawauza kuti asakayatse mpaka tsiku la ukwati, kuopa kuti bandulo ya intaneti ingathe.

Cecilia atabwera ndi malayini aja, a Winfrida anamubweza pakhomo. "Zikomo aphunzitsi, ndinapeza kale wondithandiza."

"Tingoyesako pang'ono, amayi."

"Ayi, mungandithere bandulo."

Ukwati unagwera Loweruka la mwambo wa Achewa wa Kulamba. Anthu ambiri a m'mudzimo, ndi Cecilia yemwe, anakwera lole m'mamawa kupita ku Mkaika, komwe mwambowo umachitikira. A Winfrida anasamba, kuvala diresi lawo la Mvano, kukhala pampando kutsogolo kwa TV. Nthawi ya 10 koloko anayatsa kabokosi.

Pa TV panangobwera kamkombero kozungulira.

Anadikira. Anazimitsa, kuyatsanso. Anakaika pawindo. Anakwawa nako mpaka pakhomo, pomwe chingwe chinathera, n'kukakweza m'mwamba mpaka mkono kuchita dzanzi. Kamkombero kanali kuzungulirabe. Anaimbira Webby, foni yake inali yotseka. Anaitana dzina la mnansi wawo kawiri konse. Zinayankha ndi mbuzi zokha.

Anakhala pampando paja, ali chivalire, mpaka dzuwa kupendeka.

Madzulo kafoni kawo kakang'ono kanalira. Anali Owen, kumbuyo kwake kukumveka nthungululu.

"Amama! Mwaona?"

"Ndaona, mwanangu."

"Tinagwada tonse awiri kutsogolo kwa kamera, anthu onse anakhala chete. Juliet wakhala miyezi itatu akuphunzira Chichewa mobisa kuti akulankhuleni yekha. Mwamva zomwe wanena?"

A Winfrida anayang'ana TV ija.

"Ndamva."

"Ndiye mukuti bwanji? Ali pano, akudikira yankho lanu."

"Umuuze kuti... wanena bwino."

Owen anati, "Basi, amama?"

Foni inaduka.

Lolemba Cecilia anabwera. Anaika layini yake ina mufoni, kuima pawindo la kum'mawa, ndipo nkhani za tsikulo zinatseguka pa TV nthawi yomweyo. Anafufuza ukwati uja, koma amene ankajambula anangouonetsa pomwe unkachitika, sanausunge.

"Aimbireni muwauze zoona," anatero Cecilia. "Mtsikanayo abwereza mawu ake."

"Ndinanena kale kuti ndamva," anayankha a Winfrida.

Akuti mpaka lero sakudziwa zomwe mpongozi wawo anawauza atagwada. Juliet naye amaganiza kuti apongozi ake sanamulandire, ndipo akaimba foni amangopereka moni n'kupatsira mwamuna wake.

Phunziro: Intaneti yogwira ku Katete si ndiye kuti igwira kwanu. Yesani m'nyumba mwanu, ndi maso anu, tsiku lofunika lisanafike, ndipo mverani amene amakhala nanu dera limodzi, osati wodutsa wa pakamwa pokoma. Mukalakwitsa nenani msanga, bodza la manyazi limatalikitsa abale. Inunso amene makolo anu ali okha kumudzi, muziwayendera, chifukwa munthu wosowa wocheza naye amakhulupirira aliyense wokhala pakhonde pake. Musaisunge nkhaniyi, itumizeni kwa abale ndi anzanu.