Pulogalamu Yatsopano ya Nkhokwe

M'mudzi mwathu chitseko cha nkhokwe chimatseguka ndi pulogalamu imene banja limalemba lokha. Kwa a Chidzanja amene ankalemba anali akazi awo, Nachisale.

Lachiwiri bambowo anamva pa wailesi kuti kwabwera chida cholemba chokha mapulogalamu, ndipo anachiika osafunsa. Anachiuza kuti nkhokwe izitsegukira amene amafikapo kawirikawiri, poganiza kuti ndi iwowo.

Masana mitambo itada, anathamangira kukalowetsa chimanga chimene anayanika, koma chitseko chinakana. Itafika mbuzi yawo, chinatseguka.

"Anachisale, tandikonzerani," anatero a Chidzanja, thumba lili paphewa.

"Ine simunandifunse, abambo. Kambiranani ndi mwini nkhokweyo."

Mvula itayamba kudontha, a Chidzanja anainyamula mbuziyo m'khwapa n'kumaionetsa pachitseko, thumba lililonse ulendo wake.