Dzenje la Muwawani

Chaka chimenecho ku kiliniki kunalibe mankhwala, monga m'mashopu munalibe unga wa nsima. Mwana wake Betty atatentha thupi, Imelda anachoka kunyumba kwake ku Kabwata dzuwa litapendeka kukafuna mankhwala kuthengo, kakhasu atakakulunga m'chitenje.

Kuseri kwa nyumba za ku Woodlands kunali thengo la miyala, louma ngati linapsa. Mwamuna wake Wilbroad ankapita naye kumeneko Lamulungu, akumulozera nkhadze, agulo ndi mbira za m'mapanga. Atakana kugula khadi la chipani, anthu ena anadzamutenga, osabweranso. Abale ake anagawana mipando popanda ngakhale maliro.

Imelda anatsala ndi mawu a mwamuna wake okha: "Ukakumba muzu wa muwawani, dzenje usakwirire. Ukakwirira, wakwirira wodwala."

Anafika pamtengo wa muwawani kukuda. Anakumba, nadula muzu, nanyamuka.

Kumbuyo kwake dothi linayamba kugwera m'dzenjemo. Kunalibe mphepo.

Anabwerera, nafukula ndi zala. Atangotembenuka, dothi linayambanso, pang'onopang'ono, ngati wina akudzikokera bulangeti.

"Ndani iwe?" anakalipa Imelda. "Munanilanda mwamuna, manje mufuna na mwana?"

"Amake Betty," anayankha mawu a Wilbroad kuchokera pansi pa mizu. "Nimvela mphepo. Ananisiya osanikwilila."

Imelda anayang'ana muzu uli m'dzanja lake. Kenako anagwada, nayamba kufukula ndi manja onse awiri.

"Pililani, atate ake Betty," anatero mokukuta mano. "Na ine munanisiya pa mphepo."

Dothi linaleka kugwa m'mphepete mwa dzenje. Linayamba kutumphuka kuchokera pansi, ngati wina akudzuka.