Njinga Yamoto ya Gunadi

Lamlungu linanso, njinga yamoto ya Gunadi inali itaima kale pageti, ndipo Bu Kasmirah, kapena kuti Mayi Kasmirah, mayi wamasiye wa pakhomopo, anali atatopa nayo ngati chifuwa chosamva mankhwala.

Mnyamatayu anabwera koyamba ndi ulemu wake wonse, n'kunena kuti akuchita digiri yachiwiri ku yunivesite ya mumzinda wawo womwewo wa Yogyakarta, pachilumba cha Java, ndipo akufufuza mmene amayi amasiye amakhalira ndi anansi awo. Bu Kasmirah anavomera poganiza kuti ndi za masabata ochepa chabe. Koma ayi ndithu. Mvula inabwera n'kupita, inabweranso, mwana wa eni akadali pakhonde kufunsa mafunso. Anafunsa za malemu amuna awo, za maliro awo, za misonkhano ya amayi, mpaka za mphaka wa m'nyumbamo.

Nthochi zokazinga zimene ankatha Lamlungu lililonse sizinali nkhani. Nkhani inali Ndari, mwana wawo mmodzi yekhayo, namwino wazaka makumi atatu, wosakwatiwa. Banja lina la eni sitolo ya mankhwala linali litatumiza mawu kuti libwera kudzamuona kuti akwatiwe ndi mwana wawo wamwamuna, kenaka linangoti zii. Dzulo lake pamsika, mayi wa kubanjako anawauza uku akumwetulira kuti, "Ife sitilowa pakhomo poti paima kale njinga ya mwini." Bu Kasmirah anabwerera kunyumba mtima ukuwawa.

Koma munthu woleredwa bwino sathamangitsa mlendo. Anayesa njira zonse zaulemu. Anayang'ana wotchi. Anadandaula kuti kumwamba kwachita mdima, mvula imupeza panjira. Anamufunsa ngati amayi ake sakumusowa. Analeka kuthira shuga mu tiyi, ndipo Gunadi anawerama n'kuthokoza kuti akumusamalira thanzi.

Tsikuli anamuikira tiyi patebulo, koma dala osanena kuti "imwani". Gunadi, poti naye anali woleredwa bwino, sanakhudze kapuyo. Tiyi anazizira onse akumuona.

"Bu, tibwerere m'mbuyo pang'ono," anatero Gunadi akusisita mawondo. "Paja munati malemu bambo atabwera kudzakufunsirani kwa makolo anu, anayamba bwanji?"

"Ndinakuuza kale, mwanawe. Anangolowa n'kunena. Iwo aja sanapite patali ndi sukulu."

Gunadi anagwedeza mutu ngati wamva za nzeru zakuya. Apa ndiye Bu Kasmirah ulemu unawathera.

"Mas Gunadi, undikhululukire, nkhalamba pakamwa sipatsekeka. Kodi aphunzitsi ako sakulifuna buku la kafukufukuli? Kapena ukulemba mbiri ya Java yense? Ine zonse ndakuuza, za mphaka zomwe. Njinga yakoyi ikundithawitsira akamwini! Mwana wanga akalambire m'nyumba muno chifukwa cha digiri yako? Tandiuza lero lomwe, kafukufuku wakoyu atha liti?"

Atangomaliza anachita manyazi, poti chibadwire anali asanalankhulepo chotero kwa mlendo. Koma mumtima anapepukidwa. Basi, mnyamatayu atsanzika, Lamlungu likubwerali pageti pakhala poyera, ndipo a sitolo ya mankhwala aja mwina aganizanso bwino.

Gunadi anawerama. Thukuta linali kamukamu. Maso anali pa zala zake zakumapazi.

Katani ya pachitseko inagwedezeka, ndipo Ndari anasuzumira, nkhope ili gwa.

"Amayi, musamuzunze. Kafukufuku anatha chaka chatha. Digiri analandira ine ndili pomwepo."

"Nanga Lamlungu lililonse amadzatani pano?"

"Latsala funso limodzi, lokhudza ine," anatero Ndari. "Amachoka nalo kwawo bwinobwino, koma akangokuonani nkhope, amafunsa za mphaka."