Wosaukitsitsa wa ku Mgona

Mbaula inakananso kuyaka. A Kafuwa anauzira mpaka misozi kulengeza m'maso, koma makala ali phee. Anayang'ana uku ndi uku, n'kusolola mapepala m'chikwama, n'kuyatsa. Anali mayeso a ophunzira a chaka chachiwiri, osachonga n'komwe. Kwa miyezi itatu tsopano, tiyi wawo ankawira ndi nzeru za ana a eni.

Pamdadada uwu wa nyumba zalendi ku Mgona, anthu ankawadziwa ngati mlonda wochotsedwa ntchito. Koma anali Dokotala Herbert Kafuwa, mphunzitsi wa payunivesite, amene anatha zaka khumi ndi zinayi osakwezedwa. Chaka chimenecho bungwe lina la kunja linagawa thandizo la kafukufuku m'mayunivesite angapo, ndipo mwayi unawagwera. Anawatuma kukafufuza momwe osauka a m'tauni amaphikira makala akakwera mtengo. Lamulo linali limodzi: wofufuza akakhale pakati pa anthuwo mosadziwika, azidya zomwe iwo akudya. Bungwe likakhutira, kafukufuku apitirira ndipo upulofesa ubwera. Likapanda kukhutira, ndiye choko mpaka kupuma ntchito. A Kafuwa anavula suti n'kuvala kabudula wong'ambika. Walira mvula walira matope.

Vuto linali lakuti osaukawo analibe nthawi yosaukira pamaso pawo. Pomwe iwo ankadzuka n'kuti anthu atapita kale, ena pa minibasi, ena wapansi kulowera ku Kanengo. Otsala pakhomo ukangowafunsa kawiri, ankakuyang'ana kuyambira kumapazi n'kunena kuti, "Ngati ndi zofufuza, alawansi kaye."

Koma Mulungu sataya wake. M'nyumba yoyandikana ndi yawo munali Mayi Zipora, ogulitsa tomato, amene analowa sabata yomweyo imene a Kafuwa analowa. Mayi amenewa nthawi anali nayo yambirimbiri, ndipo umphawi wawo unali wokwana buku.

A Kafuwa ankaona zonse n'kumakalemba ali m'chimbudzi, poti n'komwe kunali kobisika. Chitenje chinkawamasukira mayiwa pafupipafupi: njala yawaondetsa, tsamba 12. Manja awo anali ofewa ngati a khanda: ntchito inasowa kalekale, tsamba 30. Tomato ankagulitsa motsika kuposa kooda: osauka amamverana chisoni, tsamba 58. Mbaula yawo siinayakepo ndi tsiku limodzi lomwe, ankangodya buledi ndi sobo, ndipo apa a Kafuwa analemba mutu wonse wotchedwa "Kuphika Kopanda Moto: Nzeru Zatsopano za Amphawi." Ngakhale kukhalitsa kwa mayiwa m'chimbudzi, nthawi zina ola lathunthu a Kafuwa akuvinavina panja ndi kabuku m'thumba, kunalowa m'lipoti ngati umboni wa zakudya zosakwanira.

Chomwe chinawakhudza kwambiri chinali mtima wa mayiwa. Munthu wopanda kanthu, koma wosamala mnzake.

"Achimwene, dzulo munadya kangati?" ankafunsa atakhala pakhonde. "Nanga mapepala mumayatsawa mumawatola kuti? Mumamva bwanji mumtima mukamayatsa?"

"Kudzala, mlongo wanga," a Kafuwa ankayankha, akupukusa mutu. "Ndimatola kudzala. Moyo wa m'tauni ndi umenewu."

Ankanama mwaluso moti nthawi zina ankadzimvera okha chisoni. Koma chisoni chenicheni chinali pa Mayi Zipora. Analumbira mumtima kuti upulofesa ukangotuluka, adzawagulira thumba la makala lathunthu, losapungula.

Tsono lero linali tsiku lake. Bungwe linali kutumiza munthu kudzaona ndi maso ngati osauka a m'malipoti alikodi. Lipoti la a Kafuwa, masamba mazana awiri, lonse linatsamira pa mayi mmodzi. Jekete linali pansi pa matiresi kudikira. Atasiya tiyi pamoto wa mayeso, anakagogoda khomo la Mayi Zipora.

"Mlongo, lero kubwera alendo pagalimoto. Musaope. Mungokhala momwe mumakhaliramu."

"Ndamva, achimwene," anayankha mawu m'katimo. "Inunso musasinthe zovala."

A Kafuwa anaseka chamumtima. Mayi wosalira zambiri, sakudziwa kuti akuyankhula ndi ndani. Anabwerera pambaula, nagwada, n'kuyambanso kuuzira.

Galimoto inafika msanga kuposa momwe anapanganirana. Inali yoyera, yaitali, ndipo inaima movutikira pakati pa ngalande ndi benchi ya tomato wowola. Munatuluka mayi wachitsikana wa faelo m'manja, akusankha popondera.

"Zikomo kuno. Ndine Patience, ndachokera ku bungwe. Ndikufuna a Dokotala."

A Kafuwa anadzuka, phulusa lili mbuu kumaso, kabudula akumugwirizira ndi dzanja limodzi. Za jekete zinali zitachedwa, koma sanadandaule. Zovala zimenezi zinali umboni wakuti lamulo analisunga. Anatsokomola pang'ono kukonza mawu, anayang'ana khomo la Mayi Zipora mowanyadira, n'kutsegula pakamwa kuti adziulule.

Khomo lija linatseguka. Mayi Zipora anatuluka atavala suti ndi magalasi, atanyamula lipoti lochindikala, ndipo pachikuto pake panali chithunzi cha bambo wa kabudula wong'ambika akuuzira mbaula.

"Ndiyamba ndi inu, a Dokotala Zipora," anatero Patience. "A Dokotala Kafuwa ndiwafunafuna ndikatha pano."

"Takulandirani," anayankha mayiwo, akuloza a Kafuwa. "Wosaukitsitsa wa m'lipoti langa uja ndi ameneyu. Musamuope, amangophikira mapepala."