Tsiku Limene Tackett Anaphunzira Kufa

Tandiuzeni, ndani amafa m'mawa, masana n'kudya nkhomaliro? Ndi Tsosie, Mnavaho, mmodzi wa eni nthaka a ku Arizona, amene ntchito yake inali kuwomberedwa m'mafilimu a makauboyi.

"Zaka zonsezi chipolopolo sichinandikhudzepo!" anadzitama Royce Tackett, kauboyi wotchuka, akusisita tsitsi lake lonyezimira. "Tsosie, ndakupha kangati?"

"Ndinaleka kuwerenga, bwana."

Koma zinthu zinali zitasintha. Achinyamata, otopa ndi nkhondo, sankafunanso kuonera mzungu akupambana. Wotsogolera filimu anati, "Lero mufa ndinu, Bambo Tackett. Mukakana, ntchito yatha."

"Kufa n'kovutatu, bwana," anatero Tsosie. "Ndikuphunzitseni?"

"Iwe? Ine ndifa imfa yoti akazi alire mpaka ku Texas!"

Muvi unaponyedwa. Tackett anagwa pahatchi, phi! Chipewa chinauluka, tsitsi lonse, lomwe linali loikirira, n'kutsatira, n'kukakodwa paminga. Dazi linawala ngati mbale yotsuka kumene, kamera ikujambulabe.

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Tsosie anakatola tsitsilo, n'kulisasa fumbi.

"Bwana, mafilimu anu amati ife timasenda azungu mitu n'kutenga tsitsi lawo. Taonani, lero mphepo yatilanda ntchito."