Kalamba ka a Goodwell

Enifa anaponya chikwama cha malemu amuna ake patebulo la muofesi, fumbi la ku Lirangwe lidakali kumapazi. Anali atalumbira kuti sachoka ku Chileka asanamve bwana wina akuvomera ndi pakamwa pake kuti ntchito ndiyo inapha a Goodwell.

A Goodwell ankanyamula matumba pa shedi ina yosungira mbewu ku Chileka komweko, kumene amapopera mankhwala a anankafumbwe sabata ndi sabata. Miyezi itatu bamboyo anavutika: mutu, thukuta, malovu osaleka, manja kunjenjemera. Sabata yomaliza imene anagwira ntchito, kampani inagawa timalamba toyera tovala pamkono, tofewa ngati mphira wa chubu cha njinga. Kalambako kakakumana ndi mpweya wa mankhwala ophera tizilombo, kamada. Ndiye ka a Goodwell, kamene Enifa anakapeza m'chikwamamo maliro atatha, kanali bii!

Kuchipatala nakonso anati ndi poizoni wa mankhwala opopera. Pamenepa pofunikanso mboni ina? Enifa anapsa mtima. Mwamuna womusamala chotere, anthu ena angomupha ngati nkhuku! Si iye ankalawirira tsiku ndi tsiku kuwathirira thobwa kuti asanyamule matumba ndi njala? Zigubu zake anachita kusankha yekha pamsika wa Lirangwe, ziwiri zofanana, zoyera, za zitsekero zosadontha, n'kuzitsuka katatu ndi phulusa ndi sopo. Chimodzi chinali m'chikwama momwemo. Chinacho chinali chotengera thobwa kusukulu cha Ivy, mwana wake mmodzi yekhayo, amene m'mawawo ananyamuka kupita kusukulu akudandaulanso mutu. Chisoni cha bambo ake chimenecho, mwana wamasiye.

Mayi Mwanahamisi, oyang'anira zaumoyo pashedipo, anakatembenuza kalambako kawiri. Anati chikuwadabwitsa n'chakuti timalamba ta anthu ena onse tinabwerera toyera mbee. Enifa anaseka chiseko chowawa. Inde, nanga akanati chiyani? Fisi sangaweruze mlandu wa mbuzi.

Mayi Mwanahamisi anaitanitsa a Aziz, mnzawo wa malemu amene ankasenzetsana nawo matumba. Analowa chipewa chili m'manja, maso pansi. Anayamba ndi kuzungulira uku ndi uku, koma atafunsidwa kachitatu anaulula. Kunamveka kuti amene kalamba kake kade adzauzidwa kukapuma kunyumba, ndipo aliyense ankadziwa kuti wopuma amapeza malo ake atalowa wina. Ndani akanalola zimenezo? Choncho anthu ankavala timalambato pageti pokha kuti mlonda aone, akangodutsa n'kuvula.

“Mwamva nokha,” anatero Enifa. “Ankavula, koma kadabe chonchi. Nanga m'chifuwa mwawo munali motani?”

A Aziz anapotokola chipewa chija. Zinkaoneka kuti akanakonda kukhala kwina kulikonse.

“Pepani, mayi a Ivy. Kalamba aka sikanalowepo m'shedi. Achimwene ankakamanga pakhosi pa chigubu, chikwama n'kuchipachika pamtengo wa mango kuseri kwa mpanda, kumene mpweya sufika.”

Mayi Mwanahamisi anatulutsa chigubu chija n'kupalasa ndi chikhadabo pamene panatsalira guluu wa chipepala chimene wina anamatula. Anatsekula, natenga kalamba katsopano m'bokosi n'kukaika pakamwa pa chigubucho. Onse atatu anakaona kakuda pang'onopang'ono, kuyambira m'mbali. Chisanafike pamsika, chigubucho chinali chosungiramo mankhwala ophera tizilombo.

“Mayi, chilipo china chonga ichi kunyumba?”

Enifa anacheuka. Maso ake anali pa wotchi yapakhoma: teni koloko, nthawi ya buleki kusukulu kwa Ivy, nthawi yomwera thobwa.